Regulation, directive kapena muyezo: kuyerekeza njira zimene EU imapangira malamulo ndi kuwagwiritsa ntchito

Mayiko 27 a mu European Union (EU) amagulitsana katundu ngati ali mumsika umodzi, koma lililonse lili ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi makhoti ake. Likulu la ku Brussels lilibe apolisi akeake, komanso lilibe anthu oti azizungulira m'mafakitale ndi m'madoko onse otumikira anthu pafupifupi 450 miliyoni. Choncho likafuna kuti mtedza wofikira pa doko la Rotterdam uyezedwe mofanana ndi wofikira pa Hamburg, limayamba lasankha kaye njira yolamulira. Njirazo zilipo zingapo, ndipo poziyerekeza mugwiritsitse mafunso awiri: akulemba tsatanetsatane ndani, nanga akuyendera kuti aone ngati zikutsatidwa ndani? Yankho la funso loyamba limaonekera pa dzina la lamulo. Lachiwiri limakhala m'ndime zakumapeto zimene ambiri sawerenga, ndipo n'kumene zinthu zimakonda kuwonongekera.

Msewu umene malamulo akuluakulu amadutsa

Bilu imachokera ku Komishoni, nthambi yoyendetsa ntchito za EU ku Brussels, osati kwa aphungu. Isanaitulutse, Komishoni imafunsa maganizo a anthu kwa masabata 12 ndi kulemba kafukufuku wa zotsatira zake pa chuma ndi chilengedwe, amene amaunikidwa ndi gulu lotchedwa Regulatory Scrutiny Board. Biluyo ikatuluka, nyumba za malamulo za mayiko zimapatsidwa masabata 8 kuti zinene ngati nkhaniyo ikadayenera kusiyidwa m'manja mwa dziko lililonse. Kenako imapita ku mbali ziwiri zimene ziyenera kugwirizana liwu ndi liwu: Nyumba ya Malamulo ya EU, yomwe ili ndi aphungu 720, ndi Khonsolo ya nduna za mayiko. Ku Khonsolo, pa nkhani zambiri pamafunika mayiko 15 mwa 27, ndipo mayikowo akhale ndi 65 peresenti ya anthu onse a mu EU. Nkhani za misonkho zimafuna kuti mayiko onse avomere, n'chifukwa chake zimayenda mwakachetechete ndiponso mochedwa.

Pa pepala pali kuwerenga koyamba, kwachiwiri ndi kwachitatu. Kunena zoona, mabilu ambiri amathera pa kuwerenga koyamba, chifukwa nthumwi za Komishoni, Nyumba ya Malamulo ndi Khonsolo zimakhala pansi m'chipinda chotseka, pa misonkhano yotchedwa trilogue, n'kumanga mfundo. Amene akufuna kusintha chiganizo m'bilu akadikira tsiku lovota, ndiye kuti wachedwa kale.

Chenjezo limodzi: tsiku limene lamulo lakhazikika si tsiku limene layamba kukhudza anthu. Limasindikizidwa mu Official Journal, gazeti ya EU, m'zinenero 24 n'kukhazikika pakatha masiku 20, pokhapokha litatchula tsiku lina. Koma lamulo loteteza zinsinsi za anthu, GDPR, lidakhazikika mu Meyi 2016 n'kudzayamba kugwira makampani pa 25 Meyi 2018.

Regulation ndi directive: apa ndiye pagona nkhani

Ndime 288 ya pangano la kayendetsedwe ka EU imasiyanitsa ziwirizi. Regulation imagwira ntchito m'mayiko onse monga yalembedwera, popanda dziko kuilembanso. Directive imauza boma lililonse cholinga choti likwaniritse ndi tsiku lomaliza, kawirikawiri patatha zaka ziwiri, ndipo bomalo limalemba lokha lamulo lake. Ndiye kuti directive imodzi imabala malamulo 27.

Ubwino wa directive ndi woti imalowa bwino m'malamulo amene dziko lili nawo kale. Ya maola ogwirira ntchito ya 2003 imanena kuti wantchito asapitirire maola 48 pa sabata mukawerengera pakatikati, ndiponso kuti apume masabata 4 olipidwa pa chaka, koma momwe zimenezi zilowere m'mapangano a mabungwe a antchito a ku Denmark kapena m'buku la malamulo a ntchito la ku France n'za eni dziko. Ya msonkho wa VAT, pa mlingo wodulidwa pa katundu wambiri, imangoika malire a pansi, 15 peresenti, ndipo Luxembourg imadula 17 pamene Hungary imadula 27.

Vuto lake ndi lomweli. Wogula firiji mu EU ali ndi zaka zosachepera ziwiri zoti abweze katundu amene adabwera ndi vuto, koma Spain ndi Portugal adakweza kufika zaka zitatu kuyambira 2022. Wogulitsa pa intaneti m'mayiko asanu ayenera kudziwa malamulo asanu. Maboma ena amawonjezera zawo pamwamba, ena amachedwa, ena amalemba mopotoza tanthauzo.

Boma likachedwa, wovutika ndi munthu wamba. Mlandu wa Faccini Dori wa 1994 umaonetsa bwino. Mayi wina adaimitsidwa pa siteshoni ya sitima ku Milan n'kusainira maphunziro a Chingerezi apakalata. Patatha masiku ochepa adasintha maganizo. Directive ya 1985 inkapatsa munthu masiku 7 oti athetse pangano lopangidwa kunja kwa sitolo, koma Italy inali isanailembe m'malamulo ake. Khoti la EU ku Luxembourg lidagamula kuti directive yosalembedwa simungaigwiritse ntchito polimbana ndi kampani kapena munthu mnzanu. Mungaigwiritse ntchito polimbana ndi boma lokha. Chotsala ndi njira imene mlandu wa Francovich wa 1991 udatsegula: kusumira boma kuti likulipireni chifukwa chozengereza. Njira imeneyo ndi yaitali ndipo imadya ndalama.

N'chifukwa chake pa nkhani za katundu EU yakhala ikuchoka ku directive kupita ku regulation. Directive ya zinsinsi za anthu ya 1995 idalowedwa m'malo ndi GDPR. Ya mabatire ya 2006 idalowedwa m'malo ndi regulation ya 2023. Ya zokutira katundu ya 1994 ndi ya makina ya 2006 zatsata njira yomweyo.

Musaganize kuti regulation imathetsa zonse. GDPR yomweyo idasiya mipata yambiri yoti mayiko adzaze okha: msinkhu umene mwana angavomereze yekha kuti kampani ya pa intaneti isunge zokhudza iye uli pakati pa zaka 13 ndi 16, kutengera dziko. Ndipo regulation ikalakwika, imalakwika paliponse tsiku limodzi. Ya zipangizo zachipatala ya 2017 idafuna kuti zipangizo zakale zonse ziunikidwenso, koma mabungwe ovomerezeka kuchita ntchitoyo anali ochepa. Mzere udatalika mpaka zipatala zidayamba kuopa kusowa zipangizo, ndipo mu 2023 adachita kuwonjezera nthawi kufika 2027 ndi 2028. Lamulolo linali lolembedwa bwino, koma palibe adawerengera anthu oti aligwiritse ntchito.

Maganizo athu ndi awa: pa chinthu chimene chimawoloka malire chili m'bokosi, regulation ndiyo yoyenera, chifukwa malamulo 27 a botolo limodzi amangodyetsa maloya. Pa zimene zamera m'mizu ya dziko, monga ntchito, milandu ndi misonkho, directive ndi yanzeru ngakhale imachedwa.

Palinso decision, imene imamanga okhawo amene yawatchula, monga kampani imodzi yopezeka ikuphwanya malamulo a mpikisano kapena boma limodzi lothandiza kampani mosayenera. Recommendation ndi malangizo chabe, siimanga aliyense.

Malamulo aang'ono amene amakhudza thumba la mtedza

Lamulo lalikulu nthawi zambiri limangonena kuti chakudya chisakhale ndi poizoni woposa mlingo. Nambala yeniyeniyo imalembedwa pambuyo pake ndi Komishoni, kudzera m'njira ziwiri zimene pangano la Lisbon lidakhazikitsa mu 2009.

Yoyamba ndi delegated act. Aphungu ndi nduna amabwereka Komishoni mphamvu yowonjezera kapena kusintha mbali zosakhala zikuluzikulu za lamulo. Ikalemba, Nyumba ya Malamulo ndi Khonsolo zimakhala ndi miyezi iwiri, imene ingawonjezedwe, kuti zikane. Kusintha mawu sizingathe. N'kukana chonse kapena kusiya. Ndipo kukana n'kovuta, chifukwa pamafunika oposa theka la aphungu onse, osati la amene abwera tsikulo. Mu Julayi 2022 Komishoni itaika gasi ndi magetsi a nyukiliya pa mndandanda wa ntchito zoyenera ndalama zosamalira chilengedwe, aphungu 278 adavota kuti zikanidwe, 328 adati zikhale, pamene pankafunika 353. Nkhani yaikulu chotero idadutsira pa khomo laling'ono.

Yachiwiri ndi implementing act, yoonetsetsa kuti lamulo likugwiritsidwa ntchito mofanana. Apa oyang'anira si aphungu koma makomiti a akatswiri otumidwa ndi maboma. Komiti ikavomera ndi mavoti okwanira, Komishoni imakhazikitsa. Ikakana, Komishoni singapitirire. Nanga ikalephera kufika mbali iliyonse? Nkhani ikhoza kupita ku komiti ya apilo, ndipo kumenekonso zikalephereka, mpira umabwerera kwa Komishoni. Ndi zimene zidachitika ndi glyphosate, mankhwala ophera udzu amene alimi a kwathu kuno amawadziwanso. Mu 2017 mayiko adagwirizana pa apilo kuti chilolezo chiwonjezedwe zaka 5. Mu 2023 adalephera kawiri konse, ena akukana kuvota, ndipo Komishoni idawonjezera yokha zaka 10 kufika Disembala 2033. Njira iyi ili ndi chilema chodziwika: maboma amatha kupewa kusankha, kenako n'kukauza anthu kwawo kuti adalamula ndi a ku Brussels.

Kwa wotumiza mbewu ku Ulaya, malamulo aang'onowa ndi amene amatsekula kapena kutseka doko. Regulation 2023/915 ya Komishoni imanena kuti mtedza wopita kukadyedwa usapitirire mamaikulogalamu 2 a aflatoxin B1 pa kilogalamu, ndi 4 mukaphatikiza mitundu yonse inayi. Wopita kukasankhidwa kaye umaloledwa kufika 8 ndi 15, koma chikalata cha katunduyo chiyenera kunena poyera kuti akukasankhidwa. Popanda mawuwo, amayezedwa ndi mlingo wokhwimawo. Poizoniyu amachokera ku chuku, ndipo chuku chimakula mtedza ukakololedwa n'kuunjikidwa usanaume, ukayanikidwa padothi, kapena ukawazidwa madzi kuti makoko afewe posenda. Sichifalikira mofanana m'thumba: njere zochepa zowola zikhoza kugwetsa kontena yonse, n'chifukwa chake kutapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba n'kukayezetsa sikuuza munthu chilichonse. Zitsanzo zimatengedwa m'malo ambiri a katunduyo n'kusakanizidwa.

Katundu wa dziko lina akamagwidwa kawirikawiri, zimalembedwa pa RASFF, njira imene mayiko a EU amachenjezerana za chakudya, ndipo dzikolo likhoza kuikidwa pa mndandanda wa Implementing Regulation 2019/1793. Gawo loyamba la mndandandawo limawonjezera kuchuluka kwa makontena oyezedwa padoko. Lachiwiri limafuna satifiketi ya boma ndi zotsatira za labotale katundu asananyamuke. Mndandandawu umaunikidwa miyezi 6 iliyonse. Mankhwala a mbewu nawo ndi chimodzimodzi: chlorpyrifos atamuchotsera chilolezo mu 2020, mlingo wololedwa pa chakudya udatsitsidwa kufika 0.01 miligalamu pa kilogalamu, umene ndi wapansi penipeni. Mlimi akhoza kupopera mankhwala ololedwa kwawo, motsatira malangizo a pa botolo, katundu wake n'kukabwezedwa.

Muyezo ndi chizindikiro cha CE

M'zaka za m'ma 1970 EU inkayesa kulemba chilichonse m'lamulo, mpaka mpando wa thirakitala, ndipo directive imodzi inkatenga zaka zambiri moti pomatuluka luso linali litasintha. Mu 1985 idasintha njira. Tsopano lamulo limangotchula zofunika zikuluzikulu, monga kuti chidole chisatsamwitse mwana, ndipo mabungwe a miyezo a CEN, CENELEC ndi ETSI ndi amene amalemba kayezedwe kake. Wa zidole ndi EN 71. Kutsatira muyezo si kokakamiza, koma mukautsatira, ndipo nambala yake yasindikizidwa mu Official Journal, mumatengedwa kuti mwakwaniritsa lamulo. Mukasankha njira yanu, umboni mupereke nokha.

Njirayi ndi yachangu kuposa kusintha lamulo ndipo imalembedwa ndi odziwa ntchito. Koma odziwa ntchitowo ambiri amachokera m'makampani akuluakulu, ndipo miyezo imagulitsidwa. Mu Malichi 2024 khoti la EU lidagamula kuti miyezo ina imene anthu adapempha iperekedwe poyera, popeza ndi mbali ya lamulo. Chizindikiro cha CE, chodindidwa pa katundu posonyeza kuti wakwaniritsa malamulo a EU, nachonso ambiri amachimva molakwika. Pa katundu wambiri wosaopsa, wopanga amadziyeza yekha, n'kusunga mafayilo, kusainira chikalata ndi kudinda CE. Palibe wa boma amene waona. Pa katundu woopsa pamafunika bungwe loyeza lovomerezeka, koma limalipidwa ndi wopangayo, ndipo iye ndi amene amasankha loti apiteko. Mu 2010 zidadziwika kuti kampani ya ku France ya PIP inkaika silikoni wa m'mafakitale m'zipangizo zoikidwa m'mawere a amayi, zili ndi CE. Dziwaninso kuti CE siikhudza chakudya. Tiyi kapena makademiya safuna chizindikirochi.

Njira ziwiri zosalemba lamulo limodzi

Pamene palibe lamulo la onse, pamagwira mfundo ya mlandu wa Cassis de Dijon wa 1979. Germany inkaletsa chakumwa choledzeretsa cha zipatso cha ku France chifukwa mphamvu ya mowa wake inali pakati pa 15 ndi 20 peresenti pamene lamulo lake linkafuna 25. Khoti lidati chimene chikugulitsidwa movomerezeka m'dziko limodzi chiloledwe m'mayiko enawo, pokhapokha pali chifukwa chomveka monga umoyo. N'zotchipa kwa boma, koma wamalonda wamng'ono akakanizidwa pamalire kawirikawiri amangosintha katundu wake m'malo mopita kukhoti.

Ina ndi pangano lodzifunira. Mu 1998 opanga magalimoto adalonjeza kutsitsa mpweya wa kaboni kufika magalamu 140 pa kilomita pofika 2008. Sadafikepo, ndipo mu 2009 padabwera regulation yokakamiza 130. Mu 2009 opanga mafoni adagwirizana za chaja imodzi, mitundu idatsika kuchoka pafupifupi 30 kufika 3, koma Apple idakhalabe ndi yake mpaka directive ya 2022 idalamula USB-C kuyambira 28 Disembala 2024. Pangano lotere limagwira mbali imene makampani onse akupindula. Pamene wina ataya ndalama, limaima.

Ndodo ili ndi yani?

Mwachizolowezi lamulo ndi la EU koma oyendera ndi a dziko. Izi zimasunga ndalama ndipo oyenderawo amadziwa malo, koma dziko limatha kufewera kampani yake. Chinyengo cha Volkswagen pa utsi wa dizilo chidaululidwa ndi a ku United States mu 2015, pamene magalimotowo anali ndi ziphaso zochokera ku maofesi a mayiko a mu EU, zogwira ntchito mumsika wonse. Pambuyo pake regulation ya 2018 idapatsa Komishoni mphamvu yoyeza yokha magalimoto ndi kulipitsa mpaka mayuro 30,000 pa galimoto iliyonse.

GDPR idasankha njira yapakati: kampani imayang'aniridwa ndi ofesi ya dziko kumene kuli likulu lake la mu EU. Popeza makampani ambiri a intaneti ali ku Dublin, katundu yense adagwera ofesi ya ku Ireland, milandu idatenga zaka, ndipo chindapusa cha mayuro 1.2 biliyoni kwa Meta, mwini wa Facebook, chidabwera mu Meyi 2023 maofesi a mayiko ena atakakamiza kudzera m'bungwe lawo lapamwamba. Polemba Digital Markets Act ya 2022, lamulo la mpikisano pa misika ya pa intaneti, adaphunzirapo: amene amayang'anira makampani akuluakulu ndi Komishoni yokha, ndipo mu Epulo 2025 idalipitsa Apple mayuro 500 miliyoni ndi Meta 200 miliyoni. Njirayi imatheka chifukwa makampaniwo ndi owerengeka. Simungaigwiritse ntchito pa malo ophera nyama zikwizikwi.

Boma lenilenilo likaphwanya lamulo, Komishoni imalemba kalata yochenjeza, kenako ina yofotokoza zifukwa, iliyonse yopereka pafupifupi miyezi iwiri, isanapite kukhoti. Milandu yambiri imatha isanafike kumeneko. Chindapusa chimabwera pa mlandu wachiwiri, boma litanyozera chigamulo: mu 2000 Greece idauzidwa kulipira mayuro 20,000 pa tsiku chifukwa cha dzala la Kouroupitos ku Crete, ndipo mu Juni 2024 Hungary idalipitsidwa 200 miliyoni ndi 1 miliyoni pa tsiku pa nkhani ya othawa kwawo. Pa boma limene langolephera kulemba directive m'nthawi yake, khoti likhoza kulipitsa pa mlandu woyamba womwewo.

Ofuna kuyerekeza ndi kwathu aone pangano la COMESA, limene Malawi ndi Zambia adasaina. Nalonso limatchula regulation, directive ndi decision, ndipo bungwe lake loona za mpikisano pa malonda lili ku Lilongwe. Mayina ndi ofanana. Choyenera kufufuza ndi funso lachiwiri lija, la amene ali ndi mphamvu yokakamiza boma lozengereza.

Lamulo la nkhalango, Regulation 2023/1115, limasonyeza zigawo zonsezi pa chinthu chimodzi. Limakhudza khofi, koko, soya, mafuta a kanjedza, labala, matabwa ndi ng'ombe. Tiyi, fodya ndi makademiya mulibemo. Wolowetsa khofi wa ku Misuku mu EU ayenera kupereka malo enieni a munda uliwonse pa mapu, ndipo munda woposa mahekitala 4 ujambulidwe malire ake onse, posonyeza kuti sipadadulidwe nkhalango pambuyo pa 31 Disembala 2020. Kuchuluka kwa oyenderedwa, 1, 3 kapena 9 peresenti, kumatengera gulu limene dziko laikidwa malinga ndi chiopsezo chodula nkhalango, ndipo maguluwo adalembedwa mu implementing act. Oyendera ndi a mayiko. Tsiku loyamba linali 30 Disembala 2024, koma lidasunthidwa chifukwa zokonzekera zinali zisanathe.

Choncho potsegula lamulo lililonse pa EUR-Lex, tsamba la pa intaneti la malamulo a EU, tengani lophatikizidwa ndi zosintha zake zonse, osati loyambirira, chifukwa manambala a m'zowonjezera zakumapeto amasintha kawirikawiri. Ngati ndi directive, funani lamulo la dziko limene katundu akupita. Ma delegated act ndi implementing act ambiri amaikidwa pa tsamba la Have Your Say kwa masabata 4 asanakhazikitsidwe, ndipo aliyense, ngakhale bungwe la alimi la kunja kwa EU, akhoza kulembapo maganizo. Zosintha za milingo ya chakudya zimadziwitsidwanso ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, kumene mayiko amapatsidwa pafupifupi masiku 60 oti ayankhe kudzera ku ofesi ya boma yolandira zidziwitsozo. Yankho limene limamveka ndi lokhala ndi zotsatira za labotale, kuchuluka kwa matani okhudzidwa, ndi miyezi imene alimi akufunika kuti asiye mankhwalawo nyengo yobzala isanafike.